Ufa wa Tiyi m'Fulasiki ya Ababa

"Ndani wapereka dzina langa kwa abusa?"

Ababa anafunsa ataima pakhomo la khitchini, jekete la kutchalitchi asanavule, akugwedeza kapepala ka mwambo wa mapemphero ngati akuingitsa ntchentche. Kumbuyo kwa kapepalako kumalembedwa maina a odwala ofunika kuwapempherera, ndipo Lamulungu limenelo dzina lachitatu linali lawo: Arvid Tollefson.

Amayi anali pasinki akusenda mbatata ndipo sanatembenuke n'komwe. Anati apereka ndi iwo, ndipo sabata yamawa akaperekanso.

"Mwandiika pakati pa gogo wa zaka 94 ndi munthu woduka mwendo, Maxine. Anthu amandipatsa moni ngati akutsanzika."

"Mtima wanuwo unatigoneka m'chipatala masiku asanu mu Epulo. Mwaiwala kale?"

"Woiwala m'nyumba muno si ine."

Mpeni wa Amayi unaima. Ine ndinali ndikuyala mbale patebulo, ndipo ndinangoweramira mafoloko ngati pali china choti ndikonze. Mawu amenewo anali oipa kuposa mmene akumvekera. Chaka chimenecho Amayi anali atayamba kuiwala tinthu. Makiyi a galimoto anapezeka m'firiji, tsiku lina anaitana galu ndi dzina la mchimwene wanga Kurt. Tonse tinkaseka, iwo okha ayi, chifukwa amayi awo anamwalira kunyumba yosungira okalamba asakudziwa ngakhale nkhope ya mwana wawo. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yomweyo. Chimene Amayi ankaopa ndimachisambitsa m'mawa uliwonse.

Koma mkangano weniweni sunali wa kapepala. Kuno ku North Dakota dzina la mlimi likalowa pamndandanda umenewu tirigu atacha, aliyense amadziwa chotsatira. Anansi amasankha tsiku, amasiya minda yawo, amabwera ndi makombaini awo, makina aakulu okololera tirigu, kudzakolola munda wonse wa wodwalayo dzuwa lisanalowe, akazi n'kubweretsa chakudya kumundako. Ababa anatsogolera zimenezi zaka makumi atatu, kombaini yawo ili patsogolo, chipewa atachipendeketsa. Tsono m'mawa umenewo Delmer Haugen, mnansi wathu wa chakumpoto, anawakokera pambali pakhomo la tchalitchi n'kuwauza kuti anyamata agwirizana kale, akamaliza kwawo abwera Loweruka la sabata inayo.

"Kombaini ya munthu wina idzalowa m'munda mwanga ine nditagona m'bokosi," anatero Ababa. "Renae ayendetsa ngolo, ine ndikolola. Si choncho, Renae?"

Ndinati ndi choncho. Ndili ndi zaka 43, ukwati unatha kalekale, ana awiri ndalera mpaka akachoka pakhomo, koma Ababa akandiyang'ana motero ndimabwerera ku zaka khumi. Amayi anangoti tonse awiri tili ndi mitu yofanana, mitu yamwala, n'kupitiriza kusenda.

Pashelefu ya m'khitchini panali zitini ziwiri za khofi. Chofiira chinali cha khofi weniweni, wa alendo. Chobiriwira chinali cha Ababa, khofi wochotsedwa mphamvu, chifukwa adokotala anawaletsa weniweniyo kuyambira mu Epulo. Ababa ankamutcha madzi otsukira mbale. Amayi anamata kapepala pachitini chilichonse kuti asasokoneze, poti mu Julaye anali atasokonezapo kamodzi ndipo Ababa anawaseka sabata yathunthu.

Lolemba tinayamba kukolola. Ine ndinatenga tchuthi chamasana okhaokha: m'mawa kwa okalamba, ikakwana 12 koloko ndimadzera kunyumba kutenga chakudya ndi fulasiki, kenako kumunda. Ntchito yanga ndi kuyendetsa thirakitala yokoka ngolo pambali pa kombaini, Ababa akukhuthulira tirigu m'ngolomo tikuyenda. Pamafunika awiri nonse mukhale maso. Cha m'ma 3 koloko ndinaona kombaini ikupendekera kumanzere pang'onopang'ono, ikusiya tirigu ali chiimire kumbuyo kwake. Ndinawaitana pawailesi yolankhulirana katatu asanayankhe. Anati amayang'ana gwape.

Panalibe gwape. Titaima anatsika n'kukhala pamakwerero a kombaini, manja ali pamawondo, akuyang'ana mzere wokhotawo. Munthu aliyense wodutsa mumsewu akanauona. Kuno mlimi amadziwika ndi mizere yake, ndipo ya Ababa anthu ankati ungayezere rula.

"Ukakawauza amayi ako, mawa lomwe Delmer ali pano," anatero motsitsa mawu. "Ndipatse kapu imodzi yokha ya khofi weniweni patsiku. Imodzi basi, mwana wanga."

Ndinakana. Ndinawakumbutsa za adokotala, ndipo ndinadzimva kuti ndine mwana wabwino kwambiri. Anakwera pang'onopang'ono, phazi limodzi kudikira linzake, ndipo ndinaona kuti khosi lawo laonda mpaka kolala ya malaya ikuchita kulendewera. Ndi khosi limenelo limene ndinapita nalo kunyumba tsiku limenelo.

M'chikwama changa munali botolo la ufa woyera umene ndinkagula kwa Jolene, mnzanga wa kuntchito. Amagulitsira m'chipinda chopumira, pakati pa firiji ndi malo opachika majasi. Theka la ife timamwa, chifukwa kumeneko anthu atatu timagwira ntchito ya anthu asanu ndi mmodzi, ndipo tulo tikakugwira uli ndi gogo m'manja palibe amene angakukhululukire. Ufawo amati amautulutsa m'masamba a tiyi wina wa kumapiri a ku China. Umachotsa tulo, mutu n'kukhala mbee, osanjenjemera manja ngati wa khofi. Jolene akafunsidwa chilichonse yankho lake ndi limodzi: "Ndi tiyi chabe, amwali. Unamvapo munthu atafa ndi tiyi?"

Adokotala analetsa khofi. Uyu sanali khofi. Maganizo anga anayenda choncho, ndipo anayenda mosavuta. Kumbuyo kwa botololo kunali timalemba ting'onoting'ono toti amene ali ndi vuto la mtima kapena akumwa mankhwala ayambe wafunsa dokotala. Ndinawerenga. Ndikufuna zimenezi zimveke bwino, chifukwa pambuyo pake ndinayesetsa kudziuza kuti sindinawerenge.

Lachiwiri ndinaimitsa galimoto paja pali mitengo yotchinga mphepo, pakati pa nyumba ndi munda, pamene sungaoneke uli kunyumba kapena kumunda. Ndinatsegula fulasiki imene Amayi anadzaza, ndinathiramo kasupuni kamodzi, ndinakhutchumula.

Ababa analawa n'kukwinya nkhope. Anati lero Maxine waphika khofi wa amuna, wowawa ngati ndulu. Anamwa yense. Masana amenewo mizere inawongoka. Anaimba nyimbo pawailesi, nyimbo zakale za kutchalitchi ndi mawu awo aja ngati chitseko chadzimbiri, ndipo anandikalipira kawiri kuti ndikuchedwa ndi ngolo. Ndinasangalala, sindinama. Ndinali nditawabweza Ababa anga ndi kasupuni kamodzi.

Sabata yonse inayenda choncho. Tulo tawo ta masana anatisiya. Amayi anadandaula kuti munthuyu akudzuka nkhuku zisanalire n'kumayendayenda m'nyumba, ndipo chakudya akungochitosa. Ababa anati ndi chizindikiro cha munthu wochira. Lachisanu ndinawapeza akubweza m'botolo kambewu kamodzi ka mankhwala awo a mtima, kaja kamadzulo. Anati kamawafooketsa, ndipo munthu amene akukolola maekala zana patsiku sakafunika. Ndinawauza kuti amwe. Anandiseka. Ndikanatha kunena pomwepo kuti mphamvuzo si zawo, zikuchokera m'chikwama changa. Ndinayang'ana nkhope yawo yonyadayo ndipo ndinameza mawu.

Lamulungu lotsatira anapita okha kwa abusa kukapempha kuti dzina lawo lichotsedwe, malowo apatse wodwala weniweni. Potuluka anamugwira Delmer paphewa, anthu akumva.

"Mafuta akowo sunga, Delmer. Ndikamaliza kwanga ndibwera kudzakuthandiza iweyo, ndaona mizere yako ikuchita ngati njoka yakhuta."

Delmer anaseka, anati nkhalamba iyi ndiye imfa ikuiopa. Kenako anandiyang'ana ine, maso akufunsa. Ndinagwedeza mutu kuti zonse zili bwino. Thandizo la Loweruka linathera pomwepo, pamasitepe a tchalitchi, ndipo amene analithetsa ndine.

Lolemba wailesi inalengeza kuti kumapeto kwa sabata kubwera mvula yaikulu, mwina ndi matalala. Tinali titatsala ndi theka la munda. Ababa anati tizigwira mpaka mame agwe. Cha m'ma 5 koloko ndinawaona akupukuta m'maso, ndipo Lachiwiri paja pamitengo ndinathira masupuni awiri.

Zinachitika Lachinayi, dzuwa lili phwee, nthawi ya 3 koloko. Ndinali pambali pawo, tirigu akukhuthukira m'ngolo, pomwe kombaini inayamba kundiyandikira. Ndinakhota kuthawa. Tirigu anayamba kuthirikira pansi. Ndinakuwa pawailesi, osayankha. Kombaini inapitirira yokha, pang'onopang'ono ngati ng'ombe yopita kukamwa madzi, mpaka inakalowa m'dambo la kumapeto kwa munda n'kutitimira m'matope. Nditakwera ndinawapeza atagwera pachiwongolero, pakamwa patapotokera mbali imodzi, diso limodzi likundiyang'ana. Fulasiki inali pansi pafupi ndi phazi lawo.

Sanamwalire. Kuchipatala cha mumzinda adokotala, mayi wamng'ono wa mawu ofatsa, anatiuza kuti mtima unayamba kugunda mosalongosoka, magazi anaundana, kachidutswa kanapita kuubongo. Dzanja lamanzere ndi mwendo zinali zitafooka, kulankhula kukuvuta. Anatifunsa ngati amamwa mankhwala awo onse, ndiponso ngati amwa khofi, zakumwa zopatsa mphamvu, kapena china chilichonse chogula popanda kalata ya dokotala.

Amayi anayankha msanga kuti ayi, khofi wawo amaphika ndi iwo, wa m'chitini chobiriwira. Adokotala anandiyang'ana ine. Chikwama changa chinali pamiyendo panga, botolo lili m'katimo, ndipo ndinachigwira ndi manja awiri. Ndinangonena za kambewu kamadzulo kaja.

Kurt anafika Lachisanu m'mawa kuchokera kumigodi ya mafuta kumene amagwira ntchito. Ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka zinayi, koma akafika pakhomo amalankhula ngati ndiye anamanga nyumbayo. Anapita kudambo kukaona kombaini, anabwerako ndi fulasiki ija. Munali mutatsala kapu imodzi. Anaitenthetsa n'kumwa ataimirira, poti Kurt sataya kanthu. Mvula inali itayamba kugunda pamalata a shedi. Patapita theka la ola anabwera m'khitchini, dzanja lili pachifuwa.

"Amayi, uyu si khofi wa m'chitini chobiriwira."

"Ndi yemweyo, Kurt."

"Ine khofi ndimamwa ngati madzi, koma mtima ukuchita kugunda m'makutu. Munatapa chiti?"

"Chobiriwira. Ndimatapa chobiriwira tsiku lililonse."

"Mu Julaye munatapa chiti?"

Amayi anapita pashelefu, anatsitsa zitini zonse ziwiri, anazitsegula n'kumasuzumiramo. Chofiira chinali chitatsika ndithu, chifukwa amayi a kutchalitchi ankabwera kudzasoka Lachitatu lililonse, koma zimenezo palibe anazikumbukira. Ine ndinazikumbukira.

"Anandiuzadi kuti khofi akuwawa," anatero Amayi, akulankhula ngati kwa zitinizo. "Sabata yonse amandiyamikira kuti ndayamba kuphika wa amuna. Ine ndimangoti akundinyodola." Anakhala pampando pang'onopang'ono. "Renae, iwe umanyamula fulasikiyo. Unandionapo ndikutapa chiti?"

Ndinati ndimafika atadzaza kale. Zinali zoona. Bodza loipitsitsa limene ndanenapo pamoyo wanga linali loona liwu lililonse.

Kurt anaimbira adokotala, ndipo anamuuza kuti n'zotheka khofi wamphamvu anathandizira, koma sangatsimikize, munthu wosiya mankhwala ndi wogwira ntchito maola ochuluka chotero akanatha kugwa ngakhale popanda khofi. Mawu achiwiriwo Kurt sanawamve. Anatenga chitini chofiira n'kukachitsekera m'galimoto yake. Anati kuyambira lero Amayi asayatse mbaula ali okha, asayendetse galimoto, ndipo anawalembetsa kuchipatala kuti akawayeze mutu. Madzulo ake anandiitanira pakhonde n'kundifunsa ngati kuntchito kwathu kuli malo, osati lero, koma kuti tidziwiretu. Zenera la khitchini linali lotsegula.

Mvula inagwa masiku anayi, ndipo munda unafunika masiku ena kuti uume. Masiku onsewo ndinkadzuka ndi cholinga chonena, ndipo tsiku lililonse ndinkapeza chifukwa chodikirira. Ababa ayambe apeza bwino. Kurt ayambe wabwerera kuntchito kwake. Mwina sunali ufawo n'komwe, adokotala anena okha. Botolo ndinalibisa pansi pa mpando wa galimoto. Kuntchito Jolene anandikumbatira n'kundiuza kuti ndikuoneka wotopa, ndionjezere kasupuni.

Amayi sanakangane ndi munthu. Chimenechi ndi chimene chinandidya kwambiri. Mayi amene ankatha kutsutsana ndi wailesi anangokhala phee. Anayamba kumata timapepala paliponse: pamadilowa, pazitseko za kabati, pabotolo la mchere. Ankandifunsa tsiku kawiri, osati poti aiwala, koma kuti aone ngati akulondola. Kuchipatala ankakhala pambali pa bedi la Ababa, akuwasisita dzanja lofookalo n'kumati, "Mundikhululukire, Arvid." Ababa ankayesa kuyankha, mawu osatuluka bwino, misozi ikutsikira mbali imodzi. Ine ndinkaima pazenera ndikuyang'ana magalimoto.

Lachitatu ndinawapeza Amayi m'chipinda chawo atayala zovala pabedi, akusoka timaina pakolala ya chilichonse. M. TOLLEFSON. Ndimo mmene timachitira kwa okalamba kuti zovala zisasokonekere kochapa. Anati kuli bwino asokeretu manja adakali kudziwa singano, asadzandivutitse ine. Ndinati akufulumira. Anandimwetulira n'kundiuza kuti ndine mwana wabwino, ndipo ndinatuluka kukasanza kuseri kwa shedi.

Loweruka kunacha bwino. Delmer sanafunsenso munthu. Cha m'ma 10 koloko mame atauma tinamva kulira kwa mainjini, ndipo makombaini khumi ndi imodzi anatulukira pamsewu motsatizana, kumbuyo kwake malole ndi mangolo. Anayamba ndi kuzula ya Ababa m'dambo ndi mathirakitala awiri, Delmer n'kuikwera yekha kuti itsogolere, monga mwa nthawi zonse. Tirigu wina mvula inali itamugonetsa, koma wambiri anapulumuka.

Masana akazi anafika ndi miphika ya nyama ndi mbatata, masangweji, makeke, n'kuyala pamsana pa magalimoto m'mphepete mwa munda. Pa tsiku ngati limeneli khofi amaphika mwini munda. Ndi lamulo losalembedwa. Amayi anaphikira anthu okolola zaka 45 mumphika wawo waukulu wabuluu, ndipo anthu ankati khofi wa Maxine amadzutsa wakufa. Tsiku limenelo Kurt anapempha mkazi wa Delmer kuti abweretse wake. Nkhani inali itafala kale, monga zimakhalira kuno, mwachikondi. Akazi ankawagwira Amayi pamkono n'kumalankhula nawo mokweza ndi pang'onopang'ono. Mmodzi anadzitchula dzina, munthu amene anakhala naye benchi imodzi kuyambira ali atsikana.

Amayi ndinawasowa pagulupo. Ndinakawapeza atakhala okha m'galimoto yanga, chitseko chili chotsegula, akuyang'ana makombaini akuyenda mumzere umodzi. M'manja munali kapepala kopindapinda. Atandiona anafuna kukabisa m'thumba la epuloni, kenako anasintha maganizo n'kundionetsa. Panali maina: Arvid, mwamuna wanga. Renae, woyamba. Kurt, wachiwiri. Pansi pake adzukulu, aliyense ndi tsiku lake lobadwa.

"Ndimawerenga m'mawa uliwonse ndisanadzuke," anatero. "Ndimayamba ndatchula pamtima, kenako n'kuona ngati ndakhoza. Mpaka pano sindinalakwe. Koma amayi anga nawonso anayamba choncho, amakhoza, amakhoza, tsiku lina anandifunsa kuti ndine mwana wa yani."

Ndinagwada pansi pachitsekopo, paziputu za tirigu. Ndinapisa dzanja pansi pa mpando umene anakhalawo n'kutulutsa botolo. Ndinaliika pamiyendo pawo.

"Amayi, simunasokoneze zitini. Ndine. Ndimathira ufa uwu m'fulasiki paja pamitengo. Kuyambira Lachiwiri loyamba lija. Sabata yachiwiri ndimathira masupuni awiri."

Analitenga, anavala magalasi awo olendewera pakhosi, anawerenga kutsogolo, anatembenuza. Anawerenga timalemba ting'onoting'ono tija mpaka kumapeto, milomo ikuyenda. Ndinayamba kufotokoza za mzere wokhota, za khosi la Ababa, za Jolene ndi tiyi wake, koma anakweza dzanja.

"Ndiye kuti ndimatapa chobiriwira?"

"Chobiriwira, Amayi."

"Masiku onse?"

"Masiku onse."

Anatseka maso. Mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo analira mopanda phokoso, ngati munthu amene watula katundu amene anasenza mtunda wautali. Ndinafuna kuwagwira dzanja. Analichotsa, osati mwaukali, anangolisuntha n'kuliika pabotolo paja. Kutali makombaini anafika kumapeto n'kutembenuka onse pamodzi.

"Zoti unawathirira abambo ako, ndikuzimvetsa," anatero atapukuta m'maso ndi epuloni. "N'zopusa, koma ndikuzimvetsa. Munthu uja akakupempha chinthu umatha kumupatsa ndi chiwindi chako. Inenso ndachita zopusa zambiri chifukwa cha iyeyo. Koma ndinakufunsa, Renae. Ndinakufunsa m'khitchini muja, ndikukuyang'ana m'maso."

"Ndinaopa."

"Masiku naini. Unandiona ndikusoka dzina langa pamalaya. Unandipatsa ndi ulusi womwe."

Ulusiwo ndinawapatsadi, wakuda, unali m'dilowa ya pansi.

Anatsika m'galimoto, anakonza epuloni, anaika botolo m'thumba. Anaitana Kurt ndi mawu awo akale aja, omveka mpaka tsidya la munda, ndipo iye anabwera akuthamanga. Sanamufotokozere kanthu. Anamuuza kuti abweretse makiyi a galimoto yawo ndi chitini chofiira chimene anaba, anthu khumi ndi asanu akukolola munda wa Tollefson akumwa khofi wa eni ake, ndipo iwo adakali moyo. Kurt anatsegula pakamwa. Anamuuza kuti mafunso akafunse mlongo wake.

Kenako anatembenukira kwa ine. Anati anthu akamaliza kudya ndipite kuchipatala ndekha, ndikawauze adokotala, ndikawauzenso Ababa, ndipo ndikayankhule pang'onopang'ono kuti amve liwu lililonse, chifukwa munthuyo wakhala masiku naini akuyesa kukhululukira munthu wosalakwa ndi pakamwa posagwira. Lamulungu dzina lawo libwerera pakapepala, ndipo wokalipereka kwa abusa ndine.

Ndinavomera zonse. Ndinali ndidakali chigwadire. Ndinafunsa ngati iwowo adzandikhululukire, ndipo anati sakudziwa, andiuza akadziwa.

Anayamba kuyenda kulowera kugalimoto ya Kurt, kenako anabwerera. Anatulutsa kapepala ka maina kaja, anakapinda kawiri n'kundiika m'dzanja, n'kutseka zala zanga ndi zawo.

"Tenga, sindikukafunanso," anatero. "Makamaka dzina lakolo, Renae. Lako sindidzaliiwala."